Hard drive ikayamba kulira tiki tiki, izimitseni

Achimwene ena ojambula mavidiyo a maukwati ku Nkhotakota andilembera kuti hard drive yawo ya 1TB yolumikiza pa USB inagwa patebulo ikukopera mafayilo. Pano ikungolira tiki tiki kenako zii, ndipo wokonza mafoni wina wawauza kuti akhoza kuitsegula n'kusintha ma head. Akufunsa ngati amulole.

Musamulole, achimwene, ndipo chingwecho chizuleni lero lomwe.

M'kati mwa drive yaing'ono ngati yanuyo muli mbale zosalala zomwe zimazungulira maulendo 5,400 pa mphindi. Nkhope iliyonse ya mbale yosunga mafayilo ili ndi head yake, kachinthu kakang'ono kumapeto kwa mkono wachitsulo. Head siikhudza mbale, imayandama pa kamphepo kobwera ndi kuzungulirako, mpata wake ma nanometer ochepa chabe. Drive ikagwa ili pantchito, head imamenya mbale n'kupindika kapena kuthothoka. Kulira mukumvako ndi mkono ukufunafuna zizindikiro za servo zouuza pomwe uli, ukalephera n'kubwerera. Mukaiyatsanso, head yopindikayo imapala utoto wa maginito pomwe pali mavidiyo anu, ngati mpeni pa mamba a chambo. Zopalidwazo zimasanduka fumbi, fumbilo n'kupha ma head otsalawo. Pomwe papalika palibe katswiri padziko lino angabwezeretse kanthu.

N'chifukwa chake zimandipweteka kumva malangizo omwe anthu amapatsana. Ena amati iikeni mufiriji usiku wonse. Ndi chinyezi chathu cha kunyanja kuno, mukaitulutsa mame amagwira pa mbale, mwawonjezera vuto. Ena amati igogodeni pang'ono. Ena amathamangira CHKDSK kapena Recuva, mapulogalamu omwe amakakamiza drive yovulala kuwerenga maola ambiri. Koma choipitsitsa ndi kuitsegula pabenchi lapamsika, mu Okutobala, fumbi lili koboo. Luso la wokonza mafoni sindikulinyoza, koma ntchito iyi imafuna benchi la mpweya wosefedwa ndi sefa yogwira fumbi losaoneka ndi maso yotchedwa HEPA, la mlingo wa ukhondo wa ISO 5, lomwe akale ankati Class 100.

Ngakhale benchi likhalepo, ma head sagulidwa paokha. Amachotsedwa mu drive ina yamoyo ya model yomweyo, yopangidwa nthawi yoyandikana, yokhala ndi preamp yogwirizana, kachipu kokhala pa mkono komwe kamakweza mphamvu ya zomwe head yawerenga. Kungofanana kuti zonse ndi Seagate kapena Western Digital za 1TB sikokwanira. Katswiri amamasula masikulu ndi sikuludiraiva ya Torx, nthawi zambiri T6, kuphatikizapo ina yobisika pansi pa chikalata cha pamwamba. Amayang'ana kasefa ka m'kati: kakada ndi fumbi, mbale zapalika kale. Kenako amalowetsa kachipeso kotchedwa head comb pakati pa ma head kuti asagundane akachoka pomwe amapumira, amachotsa maginito okhala pamwamba, n'kusamutsa mkono wonse. Mbale sazisuntha ngakhale pang'ono. Akatero amalumikiza drive ku chida ngati PC-3000 cha ACE Lab n'kukopera head imodziimodzi, kuyambira yomwe ikuwerenga bwino. Ma head atsopano amatha kufa pakati pa ntchito akakumana ndi popalika, n'kufunikanso drive ina yopereka. Mtengo umakwera pamenepo. Dziwaninso kuti drive yotere sikuti yachira, yangodzutsidwa kuti ilavule mafayilo, kenako n'kutayidwa.

Kwa ena amene drive yawo siinagwe

Drive yongoti zii osazungulira konse nthawi zambiri vuto lili pa chingwe, kabokosi ka USB kapena bolodi la zamagetsi la drive. Magetsi akabwera mwamphamvu, kapena wina akalumikiza chaja ya laputopu ya 19V pa drive yofuna 12V, chomwe chimapsa kawirikawiri ndi diode ya TVS, kachipangizo koteteza bolodi ku magetsi ochuluka. Posintha bolodi, kachipu ka ROM ka miyendo 8 kayenera kusamutsidwa kuchoka pa bolodi lakale chifukwa muli miyeso ya ma head a drive imeneyo yokha. Drive yoonekera pa kompyuta ndi kukula kwake kolondola, yosalira koma yochedwa, ikopereni yonse ku drive ina ndi pulogalamu ya ddrescue pa Linux, mukusunga mapfile (fayilo yolemba malo omwe akopedwa kale), ndipo yambani ndi lamulo la -n kuti ilumphe malo ovuta.

Yanu achimwene siili m'gulu limeneli. Ikulungeni m'thumba loteteza ku static (timagetsi tobwera zinthu zikakhudzana), siponji mbali zonse, m'katoni, isapite ili m'thumba la buluku pa kabaza kapena mu minibasi ya pa M5. Kaya mukuitumiza ku Lilongwe kaya ku Johannesburg, funsani ngati ali ndi benchi loyera lija, ngati mtengo wa drive yopereka uli m'kati, komanso ngati adzakuonetsani mndandanda wa mafayilo musanalipire. Auzeni zoona kuti inagwa ndi kuti mwaiyatsa kangati. Pakadali pano, ma memory card omwe munajambulira maukwatiwo musajambulirenso kanthu. Ngakhale munawafufuta, pulogalamu ya PhotoRec imatha kutulutsamo mafayilo omwe sanalembedwepo zina pamwamba.