Thirela yonyamulira makina otchetchera kapinga: yambani ndi kulemera kwake

Bambo wina amene wayamba ntchito yosamalira kapinga pakhomo za anthu wanditumizira imelo yofunsa za thirela. Ali ndi makina otchetcha munthu atakwerapo, ena okankha ndi manja, ndiponso kamakina kodulira udzu wa m'mphepete mwa mipanda. Akufuna kudziwa ngati thirela ya mamita 1.5 m'lifupi ndi 2.4 m'litali ingawakwanire, kapena agule yaikulu ya maekiselo awiri (ekiselo ndi chitsulo chopingasa cholumikiza matayala a mbali ziwiri).

Bambo, musanapite kwa ogulitsa, tsegulani buku la galimoto yanu muone kulemera kumene oipanga anailola kukoka. Kawirikawiri mumalembedwa manambala awiri, imodzi ya thirela ya mabuleki ndi ina yocheperapo ya thirela yopanda mabuleki. M'mayiko ambiri, thirela yopanda mabuleki siloledwa kupitirira makilogalamu 750, ndipo nambalayi ikuphatikiza thirelayo pamodzi ndi katundu wake. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pa thirela iliyonse yopangidwa bwino pamakhala kachitsulo kolembedwa kulemera konse kololedwa, ndipo inu muyenera kuchotserapo kulemera kwa thirela yopanda kanthu kuti mudziwe chimene mungakweze. Makina okwerapo okha amalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo, ndipo mukawonjeza okankha aja, zigubu za petulo ndi matumba a udzu wonyowa, mudzaona kuti malire aja ali pafupi kuposa mmene mumaganizira.

Thirela yaing'ono mwatchulayo ndikuikayikira chifukwa cha malo. Tengani tepi muyeze makina anu kunsi, pamene pali mipeni, pamodzi ndi kakhomo kotulukira udzu kamene kamatuluka kumbali, chifukwa ndi kameneko kamakodwa m'mbali mwa thirela. Makinawo akalowa pa thirela ya mamita 2.4 amatenga pafupifupi malo onse, ndiye okankha aja mudzayamba kuwasanjika mopendekeka, mafuta n'kumatayikira m'sefa ya mpweya. Kwa ntchito yanu ndingasankhe ya ekiselo imodzi, ya mamita pafupifupi 1.8 m'lifupi ndi 3 mpaka 3.6 m'litali, yokhala ndi mabuleki ngati kulemera kukupitirira malire aja. Ya maekiselo awiri imayenda mokhazikika pamsewu, koma njolemera, matayala ake ndi anayi, ndipo simungaikhotetse ndi manja pakhomo popanikiza.

Malo otsalawo ali ndi ntchito ina yofunika kwambiri, yomwe ndi kukulolani kusuntha katundu kuti akhale poyenera. Katundu wochuluka, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, ayenera kukhala kutsogolo kwa ekiselo, kuti kulemera kwina kutsamire pa chokolekera cha galimoto, komabe osapitirira malire olembedwa pa chokolekeracho. Makina akakhala kumbuyo kwambiri, thirela imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, mpaka kukoka galimoto kuichotsa mumsewu. Ngozi imeneyi imagwera ngakhale madalaivala odziwa ntchito, choncho musaitenge mopepuka.

Muyang'anitsitse chitseko chakumbuyo chimene chimatsika n'kukhala pokwezera makina. Chikakhala chachifupi, chimatsetsereka kwambiri, ndipo mimba ya makina imakhula pamene chitsekocho chakumana ndi thirela. Chitseko chachitali pa thirela yotsika n'chabwino, makamaka chikakhala ndi sipuling'i yothandiza ponyamula, popeza mudzachikweza ndi kuchitsitsa kangapo tsiku lililonse. Pansi pa thirela popangidwa ndi matabwa ochindikala pamapirira kuposa popangidwa ndi waya wopyapyala, umene umabonkhoka pomwe matayala a makina amaponda. Udzu wonyowa umabweretsa dzimbiri msanga, choncho chitsulo chokutidwa ndi zinki n'chokhalitsa kuposa chongopakidwa penti. Pakhalenso mphete zolimba zosachepera zinayi zomangirirapo malamba, chifukwa buleki ya makinawo payokha siingawagwire pamabampu.

Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, ikwezeni ndi jeki, mugwedeze tayala lililonse ndi kulizunguza kuti mumve ngati maberingi akulira. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo matayala a thirela amang'aluka ndi ukalamba mapazi ake asanathe. Muonetsetsenso kuti kapu ya thirela, imene imavala pa chokolekera, ikufanana ndi mpira wachitsulo wa pa chokolekera cha galimoto yanu, popeza wa mamilimita 50 ndi wa mainchesi 2 amaoneka ofanana koma ndi osiyana, ndipo muyese magetsi onse thirelayo italumikizidwa musanapereke ndalama.