Kodi ArcGIS Pro ingayende pa MacBook ya 8 GB?

Mayi wina amene akuphunzira zojambula mapu anditumizira imelo sabata ino. Ali ndi MacBook Air ya M1 yokhala ndi RAM (malo amene kompyuta imasungira zinthu zimene ikugwira pa nthawiyo) ya 8 GB, ndipo kusukulu awauza kuti ntchito zonse azichitira mu ArcGIS Pro, pulogalamu yojambulira mapu. Akufunsa ngati pulogalamuyi ingayende akaika Windows mkati mwa Mac yawo kudzera pa Parallels, kapena angogula laputopu ina.

Achemwali, kutseguka itseguka, koma mudzatopa nayo msanga.

ArcGIS Pro, ya kampani ya Esri, inapangidwira Windows yokha. Kale, pa ma Mac a purosesa ya Intel, anthu ankaika Windows pambali pogwiritsa ntchito Boot Camp, makina onse n'kumatumikira Windows yokhayo. Kuyambira mu 2020, pamene Apple inayamba kuika ma chip akeake monga M1, njira imeneyo inatsekeka pa ma Mac atsopanowo. Chatsala ndi virtual machine, kompyuta yongoyerekezera yopangidwa ndi pulogalamu monga Parallels kapena VMware Fusion, momwe Windows imayenda pa nthawi imodzi ndi macOS.

Vuto lagona pa RAM. Esri imanena kuti 8 GB ndi poyambira chabe, ndipo imalimbikitsa 32 GB. Manambalawo ndi a kompyuta imene ikuyendetsa Windows yokha. Yanu ikhala ikunyamula awiri, macOS ndi Windows. macOS itenga gawo lake, Windows 11 nayo imafuna 4 GB isanatsegule n'komwe pulogalamu iliyonse. Ndiye mapu anu atsala ndi chiyani? Zili ngati anthu awiri ofunda bulangete limodzi laling'ono: wina akakoka, mnzake wazizidwa. RAM ikatha, kompyuta imayamba kubwereka malo pa SSD, posungira mafayilo pamene n'pochedwa kuposa RAM, ndipo mukangosuntha mapu pang'ono mumadikira kuti ajambulikenso. Choipa china, pa ma Mac amenewa RAM simungaionjezere mutagula kale.

Palinso zina ziwiri. Windows imene imayenda pa M1 ndi ya mtundu wa ARM, pomwe ArcGIS Pro inalembedwera mapurosesa a Intel ndi AMD, choncho malangizo ake amayamba amasuliridwa kaye, liwiro n'kuchepa. Komanso MacBook Air ilibe fani. Ikatentha pa ntchito yaitali imadzichepetsera yokha mphamvu.

Za graphics zimadalira zimene mukuchita. Mapu wamba a 2D, malire, misewu, matebulo, Parallels imakwanitsa chifukwa imathandiza DirectX 11, njira imene Windows imajambulira zithunzi pa sikirini. Mukalowa mu 3D kapena zithunzi zikuluzikulu za setilaiti, kusowa kwa khadi la graphics lapadera kumaonekera. Ndipo zida za deep learning, zophunzitsa kompyuta kuzindikira yokha zinthu pa zithunzi, zimayenda mwaliwiro ndi khadi la graphics la NVIDIA, lomwe mu Mac yotere mulibe.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndafunsa aphunzitsi ngati QGIS, pulogalamu ina yojambulira mapu, ingaloledwe. Ndi yaulere, imayenda pa Mac mwachindunji, ndipo imatsegula ma shapefile omwewo, mafayilo a mapu amene ArcGIS Pro imagwiritsanso ntchito. Akakana, musataye ndalama pa laisensi ya Parallels ndi ya Windows pa makina a 8 GB. Ngati mwakonda Mac, pezani ya 32 GB, kapena ikavuta ya 16 GB, yokhala ndi fani ndi SSD ya 512 GB, n'kupatsa Windows pafupifupi theka la RAM ndi theka la ma core, zigawo za purosesa zimene zimagwira ntchito. Koma ngati mapu ndiyo idzakhale ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, laputopu ya Windows yokhala ndi khadi la NVIDIA la 4 GB kapena kuposa idzakuthandizani bwino popanda kugawana mphamvu ndi china chilichonse.