Windo ya terminal ikamaliza daunilodi, itseke kapena ikhale?

Achimwene ena a ku Rosettenville anditumizira imelo sabata ino. Akuti pa laputopu yawo yakale anaikapo surf, kabulawuza kakang'ono ka gulu lopanga mapulogalamu lotchedwa suckless, ndiye akamadaunilodi fayilo kawindo kakuda ka terminal kamatseguka, koma zikatha kamangokhala pompo mpaka adine Enter. Funso lawo: bwanji kasamadzitseke kokha?

Achimwene, surf imaonetsa masamba ndi WebKit koma kudaunilodi siimadzipangira yokha ayi, imatuma st, terminal ya suckless, kuti atsegule windo, mkatimo pulogalamu yodaunilodira yotchedwa curl nkumakoka fayiloyo. Zonsezi zalembedwa mu config.h, fayilo ya masetingi a surf, pa mzere wa DOWNLOAD, ndipo kumapeto kwake kuli mawu oti read, amenewo ndi amene amagwira windoyo kudikira inu.

Ine ndikumvetsa kuti zimatopetsa, mafayilo asanu mawindo asanu, koma musachotse read yonse chonde. Kuno ku Joni magetsi akathima rauta imafera pakati, kapena bandulo yatha muli pa 80%, windo ikangotseka yokha mudzaona dzina la fayilo mu foda nkumati zatheka, pomwe ndi theka chabe. Zinandichitikira ndi PDF ya fomu ina, ndinakazindikira ndili kale pa shopu yosindikiza ku Mayfair, fayilo ikukana kutseguka, ndalama ya taxi itapita kale.

Ndiye maganizo anga ndi awa, zikayenda bwino itseke mwakachetechete, zikavuta ikhale ndithu muwerenge chimene chalakwika. curl akamaliza bwino amabweza 0, akalephera amabweza nambala ina, choncho m'malo mwa ; read lembani || read x basi. Koma onjezaninso -f kwa curl, apa ndi pomwe ambiri amagwa, popanda -f seva ikayankha 404, kutanthauza kuti fayilo sinapezeke, curl amasunga tsamba la erayo ngati fayilo nkubweza 0 ngati palibe vuto. Ndi -f amabweza 22, windo nkuima.

Ka x kaja musakaiwale. Pa Debian ndi Ubuntu sh, pulogalamu yoyendetsa mzerewu, imakhala ya mtundu wotchedwa dash, ndipo dash imakana read yopanda dzina ngati x, windo imangothawa musanaone kanthu.

Mukasintha config.h pangani make clean install, kenako yesani dala ndi linki yolakwika muone ngati iima. Ikapanda kuima nditumizireni mzere wonsewo momwe mwaulembera, tiuone limodzi.