Kukaoda za m'golosale ku Joni: yankho kwa achemwali ofuna kuyamba geni

Achemwali, funso lanu ndalimva. Muli ndi kampamba kanu, mukufuna muyambe kukaoda za m'golosale ku Joni, ndiye mukufunsa kuti ife timagula kuti, timagula chiyani, nanga phindu limatuluka bwanji. Ndiyambira pa phindupo, chifukwa m'pamene ambiri ongoyamba kumene amagwera.

Mtengo umene mwauona pa shelefu ku Johannesburg si mtengo wa katundu wanu ayi. Mtengo weniweni mumaudziwa katunduyo atatsika m'basi pa Wenela kapena ku Lilongwe. Pa mtengo wa pa shelefu uja muwonjezepo mmene munagulira randi, tikiti yopita ndi yobwerera, ndalama imene a basi akulipiritsani pa chikwama chilichonse, malo ogona, chakudya cha panjira, galimoto yochotsa katundu kusitolo kukafika naye pa siteshoni ya mabasi ya Park Station, ndi msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Zonsezi muzigawire pa botolo lililonse ndi paketi iliyonse. Mukatero mudzaona kuti zinthu zina zooneka zotchipa kwambiri kumeneko zikafika kuno zimafanana mtengo ndi za mu Limbe. Chiwerengero chimenechi chinavuta kwambiri kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Masiku ano musanawerenge china chilichonse, yambani mwadziwa kuti randi imodzi yakudyerani makwacha angati.

N'chifukwa chake ine ndimati katundu wabwino ndi wopepuka, wosachedwa kutha m'manja, komanso wosawonongeka msanga. Chinthu chikakhala ndi ziwiri zokha mwa zitatuzi ndimachiganizira kawiri.

Tsono za kogula. Ambiri amaganiza kuti wogula zambiri ayenera kupita ku holoselo basi. Ku dera la Crown Mines mu Joni momwemo kuli maholoselo a Makro ndi Jumbo, ndipo n'zoona kuti kumeneko mumapeza makatoni osatsegula, omwe ndi osavuta kupakira. Ku Makro mumafunika khadi lawo, koma ndi laulere. Komabe musanyoze masitolo otchipa a anthu wamba monga Boxer, Usave ndi Shoprite. Iwowa amalimbirana makasitomala a kumalokeshoni, ndiye kumapeto kwa mwezi amatsitsa mitengo ya zinthu zingapo zodziwika kuti akope anthu. Nthawi zambiri ndapezapo safu kapena majarini wa pa sipesho ku Boxer ali wotsika kuposa wa m'katoni ku holoselo. Vuto lake n'lakuti pa sipesho amaika malire, mwina zinayi kapena zisanu ndi chimodzi pa munthu mmodzi. Musalimbane ndi mwana wa pa tilu, lamulolo si lake. Masitolo amenewa ali ndi nthambi zambiri m'tauni, ndiye mumangoyenda: pano zisanu, apo zisanu, mpaka chikwama chidzale. Miyendo imatopa, koma m'miyendomo ndi mmene muli phindu.

Ndikangofika, tsiku loyamba sindigula kanthu. Ndimatola timapepala ta mitengo timene amaika pakhomo pa sitolo iliyonse, ndimakhala pansi ndi cholembera, n'kuyerekeza ndi mndandanda wa zimene makasitomala anga andituma. Timapepala timeneti timalemba tsiku limene sipesho ikuyamba ndi limene ikutha. Ngati mungathe, konzani ulendo wanu kuti mufike sabata yomaliza ya mwezi. Masiku oyambirira a mwezi boma la kumeneko limapereka ndalama za okalamba ndi za ana, ndipo m'masitolo otchipawa mumadzaza moti mzere wa pa tilu umakafika kumashelefu akumbuyo. Masiku otero fikani m'mamawa akungotsegula kumene. Komanso mitengo yambiri ya sipesho ku Shoprite imagwira kwa okhawo ali ndi khadi la Xtra Savings, ndipo ku Pick n Pay kuli lawo la Smart Shopper. Makadi amenewa salipiritsa. Wopanda khadi amalipira mtengo wonse pa chinthu chomwecho chimene mnzake wa patsogolo pake walipira wotsika.

Pa shelefupo musamangoyang'ana nambala yaikulu yofiira. Pa kapepala ka mtengo, m'munsi mwake, kawirikawiri amalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono mtengo wa pa kilo kapena pa magalamu 100. Werengani pamenepo. Nthawi zina mapaketi awiri a makilo awiriawiri amatchipa kuposa limodzi lalikulu, ndipo kuno kwathu aang'onowo ndi amene amayenda msanga chifukwa anthu amagula molingana ndi m'thumba.

Nanga ndimakonda kutenga chiyani? Patsogolo penipeni ndimaika zokometsera ndiwo: Aromat, Knorrox, Rajah, ndi timabotolo ta Robertsons. N'zopepuka, zimakhala miyezi yambiri, ndipo mutha kuzilowetsa m'mipata yotsala m'chikwama osawonjezera malo. Amayi ophika m'maukwati ndi a timalesitilanti amazitenga zambiri nthawi imodzi. Chachiwiri ndi za m'kapu ya m'mawa: Cremora, Ricoffy, Jacobs ndi Nido. Apa sankhani za m'mapaketi m'malo mwa za m'zitini ngati zilipo, chifukwa chitini chimadya malo ndipo chikaphwanyika pang'ono kasitomala amafuna mumuchotsereko. Tiyi sinditenga. Anthu athu anazolowera masamba a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo palibe chifukwa chonyamulira tiyi kudutsa mayiko atatu kubwera naye kumene amalimidwa.

Mafuta odzola ndiwo amandisunga pa geni imeneyi. Ingram's, Vaseline, Dawn, Nivea, makamaka kuyambira May mpaka August khungu likamatuwa ndi chisanu. Mayi akazolowera mafuta ake sasintha, ndipo akadziwa kuti anu ndi enieni, osati achinyengo aja amanunkha mwina, adzakusakani yekha mwezi ndi mwezi. Pa chifukwa chomwechi mafuta odzola ndimagula m'sitolo yodziwika yopereka risiti, ngakhale pamsewu atanditsitsira bwanji. Dzina lanu likaipa kamodzi pa zodzola silikonzekanso. Matewera a ana monga Pampers ndi Huggies amayenda kwambiri, koma amadya malo ochuluka, ndiye amapindula pokhapokha mwawapeza pa sipesho yeniyeni. Mayonezi a Crosse & Blackwell ndi Nola, tomato sosi wa All Gold, Oros ndi mabisiketi a Bakers amafunidwa kwambiri kukamayandikira Khirisimasi; nthawi zina za chaka ndimatenga ochepa.

Mudzaonanso kuti masitolo otchipawa ali ndi katundu wa dzina lawolawo, monga Ritebrand wa ku Shoprite ndi Ubrand wa ku Usave. Ndi wabwino ndithu ndipo wa kunyumba kwanga ndimagula ameneyo. Koma wogulitsa samalani. Kasitomala wa kuno akamati akufuna za ku Joni amatanthauza dzina limene akulidziwa, ndipo paketi yachilendo imatha kukhala pa shelefu mpaka fumbi. Tengani ziwiri zitatu zoyesera, muwapatse anthu amene amakukhulupirirani, muone ngati abwereranso.

Zimene sindikhudza ndi zamadzimadzi zolemera monga Jik, Sta-Soft wa m'mabotolo akuluakulu ndi mafuta ophikira a malita asanu. Pa shelefu zimakopa, koma mukulipira mtengo wonyamulira madzi. Kuwonjezera apo basi imadutsa ku Tete, kumene kumatentha mosaneneka, ndipo katundu amakhala wopanikizana m'ngolo ya kumbuyo usana ndi usiku. Ndinaonapo mayi wina pa Mwanza akutsegula chikwama chake pamaso pa a msonkho: botolo limodzi la mafuta ophikira linali litaphulika chivindikiro, mafuta n'kulowa m'mapaketi onse a safu ndi mabisiketi, makatoni atafewa ngati mgaiwa wa dzulo. Anangokhala pansi pa simenti manja ali m'mutu. Ngati mwatenga chilichonse cha m'botolo, mangani chivindikiro ndi tepi, chikulungeni m'jumbo yakeyake, ndipo chiime chilili pakati pa zinthu zofewa. Sopo ndi safu zikhale chikwama chosiyana ndi zakudya, chifukwa fungo la sopo limalowa mu Cremora ndi m'mabisiketi ngakhale paketi ili yotseka. Chokoleti ndi majarini nyengo ya October ingoziiwalani.

Tsiku lothera ntchito muziliwerenga pa chinthu chilichonse, osati pa chimodzi cha pamwamba. Zinthu zina zimatsitsidwa mtengo chifukwa zatsala ndi masabata ochepa. Kwa wokadya mawa lomwelo ndi mwayi, koma inu muli ndi ulendo, kenako masiku oti katunduyo akhale m'okala. Ine chakudya chotsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi ndimachisiya.

Malisiti onse muwasunge m'kathumba ka pulasitiki, ndipo muwajambulenso pa foni chifukwa inki yake imafufutika ndi kutentha. Amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi pa chipata chathu: mukaonetsa risiti, a MRA amawerengera msonkho pa mtengo umene munagulira, pomwe wopanda risiti amangoyerekezeredwa. Nenani katundu wanu yense moona. Aja amakuuzani kuti mundipatse kangachepe ndikudutsitsireni, tsiku limene zavuta sawonekanso, ndipo katundu wogwidwa ndi wanu. Ntchito yachiwiri ndi yobwezeredwa VAT. Ku South Africa msonkho umenewu ndi 15 peresenti, ndipo mlendo wotuluka ndi katundu woposa R250 ali ndi ufulu woupempha pa chipata cha Beitbridge, polowera ku Zimbabwe, ataonetsa katunduyo ndi malisiti olembedwa kuti tax invoice. Risiti ikaposa R5,000 pamafunika dzina lanu ndi adiresi, ndiye uzani a sitolo musanachoke. Ndalamayo imachedwa, musaiwerengere ngati mpamba wa ulendo wotsatira. Dziwaninso kuti zakudya zina monga nsomba za m'chitini za Lucky Star, mpunga ndi mafuta ophikira zilibe VAT kumeneko, choncho palibe chobwezeredwa.

Musanapange mndandanda, funsani kaye zimene zikuloledwa kulowa. Mu March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa zinthu zingapo kuchokera kunja, monga chiponde, uchi, masoseji, mpunga, mkaka wamadzi, mazira ndi machesi, pofuna kuteteza opanga a m'dziko muno. Malamulo otere amasinthasintha, ndiye mawu a mnzanu amene anapita chaka chatha asakukwanireni. Funsani ku ofesi ya MRA. Dziwaninso kuti njira yophweka yodutsitsira katundu pa chipata ya bungwe la zamalonda la COMESA imene amagwiritsa ntchito anzathu a ku Mchinji ndi Chipata sikhudza katundu wa ku Joni, chifukwa South Africa sili m'bungwe limenelo. Pasipoti yathu imapatsidwa masiku osaposa 30 kumeneko. Yang'anani chidindo musanachoke pa windo, chifukwa mukapitirira masiku amakuletsani kulowanso, geni n'kuthera pomwepo.

Pa ulendo woyamba musatenge mpamba wonse. Pitani ndi munthu wozolowera amene akudziwa malo ogona odalirika, chifukwa m'misewu yozungulira Park Station simoyenda ndi foni m'manja kapena kuwerenga ndalama poyera. Musananyamuke, yendani kwa anthu khumi kapena kuposerapo amene mukuganiza kuti adzakugulani, muwafunse chimene akufuna ndi saizi yake, ndipo otuma zodula apereke theka la ndalama. Mukabwerako chenjerani ndi ngongole. Achibale ndi a kutchalitchi adzatenga mafuta odzola n'kunena kuti kumapeto kwa mwezi, koma randi siyembekeza; pofika nthawi imene akukulipirani, ndalama yomweyo singagulenso botolo lomwelo. Ine wa ngongole ndimamuikira mtengo wake wosiyana ndi wa kashi, ndipo ndimamuuziratu asanatenge katundu. Mukatsimikiza tsiku lonyamuka mundiuze, ndidzakutumizirani mndandanda wa zimene zikuyenda panopa kuti muyerekeze ndi wanu.