Mawu a SRS pachiwongolero sakwanira

Achimwene, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji ngati Toyota Vitz ya 2008 yomwe mukufuna kugulayo ili ndi ma airbag, matumba aja amene amafufuma ndi mpweya pangozi kuti ateteze munthu. Yang'anani pakati pa chiwongolero, payenera kulembedwa SRS AIRBAG. Mawu omwewo muwapezanso pa dashibodi kumbali ya wokwera naye, ndipo galimoto zina zili nawo m'mbali mwa mipando.

Komatu mawuwo akungonena kuti galimoto inachoka ndi ma airbag kufakitale, osati kuti lero akadalimo. Zina mwa galimoto tikugulitsana kunozi zinachitapo ngozi, airbag n'kuphulika, wina n'kungomata chivundikiro ndi guluu.

Ndiye chitani izi. Tembenuzani kiyi koma osaliza injini. Kanyali kofiira kosonyeza munthu ali pampando, mpira uli patsogolo pake, kayenera kuyaka masekondi pafupifupi 6 kenako n'kuzima kokha. Kakakana kuzima, pali vuto. Kakapanda kuyaka n'komwe, apo ndiye muope kwambiri. Galimoto ya alamu anga inali yotero. Makaniko atamasula dashibodi tinapeza katepi kakuda atamata pakanyaliko, ndipo m'chiwongolero munalibe kanthu. Apo n'kuti alamuwo akunyamuliramo ana kupita kusukulu tsiku ndi tsiku. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Onaninso ngati mtundu wa chivundikirocho ukufanana ndi mbali zina za chiwongolero, ndipo kokani malamba onse. Lamba wokakamira, wosabwerera yekha, nthawi zina amaulula ngozi yakale. Mukatero pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, akalumikize kompyuta yake aone zomwe galimoto ikunena. Mawaya achikasu apansi pa mpando musawagwire nokha, ndi a airbag amenewo.

Chinanso, lembani nambala ya chassis. Galimoto zambiri za Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda za zaka zimenezo zinaikidwa ma airbag a kampani ya Takata, omwe anapezeka kuti ena pophulika amamwaza tizitsulo kumaso kwa munthu. Anthu anafa nawo, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Vutoli limakula kumalo otentha ndi achinyezi, ndiye ngati mumakhala kunyanja kapena ku Chikwawa musachedwe. Pitani ndi nambalayo kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka akuuzeni ngati yanuyo inakhudzidwa komanso ngati inasinthidwa isanachoke ku Japan.

Wogulitsa akakana kuti mupite nayo kwa makaniko wanu, isiyeni. Ma Vitz ndi ambiri pamsika.