Akuti akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kudina linki, nditani?

Achemwali ena aku Chinamwali andilembera imelo. Akuti amaoda makava a foni ndi mawigi pa AliExpress nkumagulitsa kwa atsikana a pa Chanco, nde alandira imelo yoti akaunti yawo itsekedwa pakatha maola 24 akapanda kudina linki nkulowetsanso pasiwedi ndi nambala ya khadi la kubanki. Akufunsa ngati zili zenizeni poti logo yake ndi yomweyo.

Achemwali musadine chonde. Logo si umboni, mumsika wa Zomba nsapato zolembedwa Nike zilipo mbweee koma tonse timadziwa kuti zina Nike sanazionepo. Dzina la wotumiza lomwe limaoneka pamwamba lija munthu aliyense atha kulemba lomwe wafuna, inu dinani pa dzinalo muone adiresi yonse, mupeza ikuthera ndi gmail.com kapena zilembo zosokonekera, ena amaika ziro pamalo pa o kuti amaz0n ioneke ngati Amazon, pa kafoni kosweka sikirini ndani angazindikire zimenezo.

Linki ija igwireni ndi chala osachotsa, iwonetsa komwe ikupita musanatsegule. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mwini wake wa tsambalo ndi dzina lomwe lili kumapeto, pafupi ndi kamzere kopendekeka (/) koyamba kubwera pambuyo pa https://, osati loyambirira. Ikakhala aliexpress.com kenako kadontho nkupitiriza ndi mawu ena achilendo, imeneyo si AliExpress, angoika dzinalo kutsogolo ngati nyambo. Kaloko kaja kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi ya tsamba nakonso musakakhulupirire, akuba nawo amakhala nako masiku ano.

Koma ine zofufuza zilembo zimanditopetsa kunena zoona, chomwe ndimachita nkutseka imeloyo nkutsegula app ya kampaniyo ndekha. Ngati vuto lilipodi ndikalipeza momwemo, eBay ndi Amazon ali ndi malo a mauthenga mkati mwa akaunti. Mukapeza kuli zii, dziwani kuti ndi anzawo a aja amatumiza "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", angovala suti basi. Maola 24 aja ndi ongofuna kuti mtima uthamange musaganize.

Simunanene ngati mwadina kale, koma mmene mwalembera ndikukaika. Ngati munalowetsa pasiwedi sinthani pompano, ndipo ngati ndi yomweyo ya Gmail ndi Facebook (ambirife ndi choncho, tisanamizane) yambani ya Gmail chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha mapasiwedi ena onsewo. Yatsaninso zoti polowa izifunsa kakhodi ka pafoni. Ngati munalemba nambala ya khadi ndi manambala atatu akumbuyo aja imbani kubanki pa nambala yolembedwa pa khadipo atseke, osadikira Lolemba kuti mukaime pamzere mtauni.

Akalephera pa imelo ena amaimba foni mwaulemu kwambiri kuti tikuthandizeni, tiwerengereni khodi yomwe yabwera pa meseji. Khodi imeneyo ili ngati PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ngakhale alamu anu musawauze, dulani foniyo.