Yankho kwa a malume pa za kusalala kwa nkhope mukameta

Mwaswera bwanji a malume, pamodzi ndi nonse apabanja amene muli pagulu lino. Ndalimva funso lanu lija, loti mukameta ndevu m'mawa ndi lezala, sopo ndi madzi ofunda kwanu ku Area 25, masaya amamveka okhakhala mukawagwira nthawi yomweyo, koma pofika m'tauni pa minibasi mumapeza nkhope yasalala ngati mwameta kachiwiri. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa kulemba kukanatalika.

Lezala limamaliza ntchito yake kubafa komweko, ndipo zimene zimasintha pambuyo pake kwenikweni ndi nkhani ya madzi amene alowa m'khungu ndi m'ndevu. Ndiyambe ndi chala chanu chomwecho chimene mumayesera. Khungu lonyowa pang'ono limakakamira chala, monga momwe chala chimakakamirira pambale yongotsuka kumene mpaka kulira, pamene mbale yomweyo ikauma chala chimangotsetsereka. Tsono mukagwira tsaya mutangosamba, mbali ina ya kukhakhala kumene mukumva ndi kukakamira kwa khungu lachinyezi, mwina ndi sopo wotsalira, osati ndevu zimene lezala laphonya. Ine ndimaona kuti chimenechi ndicho chimatinyenga kwambiri, moti ambiri timabwezanso lezala pamalo pamene pametedwa kale bwinobwino.

Ndevu nazo zimamwa madzi. Tsitsi la munthu likanyowa mokwanira limatha kumwa madzi olemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndipo limafufuma makamaka m'mbali, m'litali limangowonjezeka pang'ono chabe. Zili ngati chitseko chamatabwa chimene chimavuta kutseka m'dzinja koma m'chilimwe n'kumatsekeka chokha. N'chifukwa chake madzi ofunda ndi thovu, mukazipatsa mphindi ziwiri kapena zitatu, zimafewetsa ndevu kuti lezala lidule mosavuta. Mumadula ndevu zili zofufuma choncho, ndipo zikauma tizitsa totsalato timabwerera mwakale, timachepa, n'kusiya kubaya chala monga poyamba.

Palinso kukoka. Lezala likafika pandevu limayamba laikoka pang'ono kuchokera m'kabowo kake lisanaidule, kenako chotsalacho chimabwerera m'kati. Malezala a mipeni iwiri kapena itatu anapangidwa dala motero, kuti mpeni woyamba ukoke, wotsatira udule m'munsi ndevu isanabwerere. Kampani ya Gillette inatulutsa lezala la mipeni iwiri mu 1971, ndipo ambiri amene timagula m'magolosale lero amatsatira nzeru yomweyo.

Musaiwalenso kuzizira kwa kuno ku Lilongwe m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Patsinde la tsitsi pali kamnofu kakang'ono kwambiri kamene kamakokeka munthu akazizidwa, ndipo ndiko kamachititsa tsembwe, khungu n'kutuluka timadontho, tsitsi n'kuimirira. Mukatuluka m'bafa kamphepo n'kukuwombani, kapena mukatsukuluza kumaso ndi madzi ozizira, khungu limakhala lokhakhala mwa njira imeneyi, makamaka m'khosi, mpaka thupi litafundanso. Kuwonjezera apo, lezala limapala kachikopa kapamwamba ka khungu, motero khungu limayabwa ndi kutupa pang'ono mozungulira timabowo ta ndevu, ndipo limafuna kanthawi kuti likhazikike. Mafuta amene mwadzola nawonso amakhala atalowerera pofika nthawi imeneyo.

Mwina mukudabwa kuti nanga ndevu sizikukula nthawi yonseyi? Zimakula ndithu, koma pang'onopang'ono, pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.4 patsiku, choncho pa ola limodzi la paulendo wanu palibe chimene chala chingamve. Madzulo poweruka ndi pamene zimayamba kudziwika.

Pamene ndikufuna mumvetsetse, a malume, ndi apa. Kusalala kumene kumabwera chifukwa ndevu yadulidwa n'kubwerera pansi pa khungu n'komwenso kumatibweretsera tiziphuphu ta m'khosi ndi pachibwano ife a tsitsi lopotana. Ndevu yathu siimera mowongoka, imapindika, ndipo nsonga yake ikadulidwa ndi lezala imakhala yakuthwa, tsono pokula imatha kuboola khungu cham'mbali isanatuluke, kapena kutuluka n'kupindika n'kulowanso. Thupi limalimbana nayo ngati munga umene walasa, ndiye pamatupa, nthawi zina pamachita mafinya, ndipo pakapola pamasiya mabanga akuda amene amachedwa kutha. Ndinavutika nazo ine zaka zingapo, ndikumaganiza kuti vuto ndi sopo, pamene vuto linali loti ndinkakoka khungu ndi dzanja limodzi n'kumameta mobwerezabwereza motsutsana ndi kumene ndevu zagonera, pofuna kuti ndimve kusalala ndisanatuluke m'bafa. Sipiriti amene amatipaka ometa ena amathandiza kupha tizilombo, koma amaumitsa khungu, ndipo ndevu yomerera m'kati saibweza.

Tsono mawa muyesere chonchi. Munyowetse ndevu ndi madzi ofunda, mupake thovu, mudikire pang'ono, kenako mumete kamodzi kokha motsatira kumene zagonera, osakoka khungu komanso osakanikiza lezala. Mutsukuluze, mupukute modinda ndi thaulo loyera, mudzole mafuta pang'ono, ndipo musaligwirenso lezala ngakhale tsaya limveke lokhakhala. Mukafika kuntchito mugwire tsaya ndi chala chouma, mudzatiuze pagulu pano zimene mwapeza. Ngati tiziphuphu tayamba kale m'khosi, mupumule kaye kumeta kwa masabata angapo, kapena muzingochepetsa ndi makina osafika pakhungu penipeni mpaka patapola.